Mwabvi, Mcape ndi Osaka Mfiti

Madzulo ano tikambirane za mlandu wakale kwambiri, ndiwo wakunenerana ufiti.

Kale munthu akafa mwadzidzidzi, makolo athu sanali kufunsa za nthenda yokha, koma anali kufunsanso kuti, wamupha ndani? Woganiziridwayo anali kumwa mwabvi, ndiwo madzi a makungwa a mtengo waululu. Akasanza, amati alibe mlandu. Akafa, amati mfiti yagwidwa. Koma taonani, abale, moyo wa munthuyo unali m'manja mwa wosakaniza mankhwalawo.

Boma linaika lamulo loletsa zimenezi ku Nyasaland m'caka ca 1911, ndi ku Northern Rhodesia m'caka ca 1914. Koma lamulo silinacotse mantha m'mitima ya anthu. M'caka ca 1925 Tomo Nyirenda, amene anaphunzira ku Livingstonia, anafika m'dziko la Alala ku Mkushi, nachedwa Mwana Lesa. Iye anati ubatizo wace uli ndi mphamvu yoonetsa mfiti, ndipo anamiza anthu ambiri m'mitsinje, kumeneko ndi ku Congo komwe. Ananyongedwa m'caka ca 1926 pamodzi ndi mfumu Shaiwila imene inamthandiza. Pofika 1934 anabwera Amcape ocokera ku Nyasaland, oyang'ana anthu m'kalirole, kuwalanda nyanga ndi zithumwa, ndi kuwamwetsa mankhwala ofiira. Analonjeza kuti ufiti utha, koma maliro sanaleke.

Kapena mudzati izi nzakale. Iai. Mtsinje wa Chongwe, umene upyola dziko la Asoli, utsikira m'Zambezi ca ku Chiawa. Kumeneko, m'zaka za 1994 ndi 1995, pamene nthenda ya Edzi inali kutha acinyamata, anthu anaitana wosaka mfiti wochedwa Chaka Zulu. Anthu 16 anafa atamwa mankhwala ace oyesera ufiti. Nthendayo inapitirirabe, ndipo maliro anangocuruka.

Tipenye bwino cinthu cimodzi. Cala sicilozedwa kawirikawiri kwa munthu wamphamvu; cimalozedwa kwa nkhalamba, kwa mai wamasiye, kapena kwa amene akangana ndi abale ace cifukwa ca munda kapena cuma ca womwalira. Lamulo la Zambia la za ufiti likali kunena kuti kuchula munthu mfiti ndi mlandu, ndiponso kucita nchito yosaka mfiti ndi mlandu.

Tsono inu amene mugwira nchito kutali ndi kwanu, tsiku lina uthenga udzafika wakuti mwana wadwala, tumizani ndalama tiitane sing'anga adzaloze mfiti. Musanatumize, dzifunseni: kodi ndalamayo siingafikitse mwanayo ku cipatala? Ndipo amene adzalozedwa cala ndani? Kapena ndiwo amai anu omwe, amene anakuberekani kumbuyo.