Jambulani Kaye, Masamu Pambuyo

Ndathokoza pondipatsa mwayi wodzapereka mphoto kwa ophunzira za uinjiniya lero.

Ndikufuna ndilankhule za mutu umene umakhetsa thukuta ambiri mu Statics: masamu a weji. Weji ndi chitsulo kapena mtengo wokhuthala uku, wopyapyala uko. Mukamukhoma pansi pa makina olemera, mphamvu yochepa ya hamala imanyamula katundu amene anthu khumi sangamusunthe. Nkhwangwa yowazira nkhuni ndi weji. Jeke wa sikuluwu ndi weji wokulungidwa pa mtengo wachitsulo.

Chimagwiriza weji n'kukhulana kwa zinthu ziwiri zogundana, friction. Guillaume Amontons adalemba malamulo ake mu 1699, ndipo Charles-Augustin de Coulomb adawatsimikiza poyesa matabwa ndi zitsulo mu 1781. Adapeza kuti kukhulana kuli ndi malire: sikungapose mphamvu imene ikupanikiza zinthuzo kuchulukitsa ndi nambala ija mumaitcha mu.

Ana anga, ambiri amalakwa masamuwa asanagwire n'komwe kalikyuleta. Amathamangira fomyula. Inu yambani ndi pensulo. Lekanitsani weji ndi katundu, chilichonse chikhale ndi free-body diagram yakeyake. Kenako dzifunseni: kodi chinthuchi chikufuna kutsetserekera kuti? Muvi wa kukhulana uloze kotsutsana ndi kumeneko. Muvi womwewo ukafika pa chojambula chachiwiri utembenuke, monga likunenera lamulo lachitatu la Newton. Yambirani pa chojambula chimene mphamvu zosadziwika zili ziwiri zokha, popeza muli ndi ma equation awiri. Mukasokoneza muvi umodzi, masamu adzayenda bwinobwino mpaka kumapeto, yankho n'kutuluka labodza. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Funso lalikulu limabwera hamala ikaikidwa pansi: kodi wejiyo akhala, kapena afwamphuka? Ngati mu ndi 0.3 mbali zonse ziwiri, ngodya ya kukhulana ili pafupi ndi madigiri 17. Weji amene ngodya yake siyikufika madigiri 33 amadzitsekera yekha. Woposa pamenepo amatuluka, katundu n'kugwa. Mafuta akadontherapo, mu amatsika, ndipo weji amene adagwira dzulo akhoza kutaya lero. Pansi pa katunduyo pamakhala munthu: mmisiri amene wakhoma maweji pansi pa mitengo yochirikiza silabu ya konkire, kapena makaniko amene wagona pansi pa lole. Iyeyo saona pepala lanu. Amangokhulupirira kuti injiniya adawerengera bwino.

N'chifukwa chake ndikupempha aphunzitsi kuti muziwatengera ana awa ku wekishopu. Aike njerwa pa thabwa, alipendeketse pang'onopang'ono mpaka njerwayo itayamba kutsetsereka, ayeze ngodyayo, apeze mu ndi manja awo. Nambala imene mwana wayeza yekha saiiwala.

Inu amene mukulandira mphoto, tikukunyadirani, ndipo muthandize anzanu. Inu amene masamuwa akukuvutanibe, musagwe mphwayi: tengani funso limodzi, mulijambule mpaka muvi uliwonse mutaudziwa chifukwa chake. Dziko likudikira milatho, nyumba ndi mafakitale ochokera m'manja mwanu, ndipo tikufuna aliyense wogwira ntchito pamenepo azibwerera kwawo wamoyo.