MANOWA ANATSATA MKAZI WACE

Mau olalikidwa pa msonkhano wa a m'banja, akuru a mpingo ndi aphunzitsi a m'midzi. Cowerenga: Oweruza, mutu 13.

Abale ndi alongo anga, taturutsa ana kuti akakhale ku sukulu, pakuti mau a lero ndiwo a akuru okha. Musandiyese wopanda mwambo ndikachula zinthu zimene tazolowera kuzinena monong'ona, popeza kukhala cete pa zinthu izi kwapasula mabanja ambiri pakati pathu, ndipo ena a inu mwadza kuno ndi mitima yolema cifukwa zaka zapita ndipo m'nyumba mwanu simunamveke kulira kwa khanda.

Mwamva m'cowerenga cathu za Manowa, munthu wa ku Zora wa pfuko la Dani, ndi mkazi wace amene analibe mwana. Mthenga anaonekera kwa mkaziyo, namuuza kuti adzabala mwana wamwamuna, namletsa vinyo ndi cakumwa coledzeretsa ndi zakudya zodetsedwa. Sindifuna kukunyengani: lamulo lija linaperekedwa cifukwa mwanayo anayenera kukhala Mnaziri, wopatulidwa cibadwire, silinali phunziro la ku cipatala. Koma muli zinthu ziwiri m'nkhaniyi zimene zipindulitsa ife. Coyamba, malangizo anadza mwana asanaoneke. Caciwiri, Manowa sanati izi nza akazi. Anapempha kuti mthengayo abwerenso kudzaphunzitsa onse awiri. Ndipo pamene anabwera, napeza mkazi ali yekha kumunda, mkaziyo anathamanga kukaitana mwamuna wace, ndipo Manowa ananyamuka namtsata pambuyo. Abambo, ndani wa inu anayamba watsata mkazi wace pa njira ya ku cipatala?

Pamene ndinali mphunzitsi pa mudzi wina, panali mkazi amene anakhala pa banja zaka 6 wopanda pakati. Alamu ace anamucha cumba, apongozi ace anamnyoza pa mtondo, ndipo ankhoswe atalephera, ukwati unatha. Mkaziyo anakwatiwa kwina, nabala ana asanu. Mwamuna uja anakwatira wina, nakwatiranso wacitatu, ndipo anamwalira wopanda mwana. Panalibe mmodzi wa iwo amene ananyoza mkazi uja amene anapita kukapepesa. Inenso ndinali pomwepo, ndipo sindinanene kanthu, cifukwa ndinali kuganiza monga anaganizira onse.

Tsono imvani zimene madotolo apeza. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalengeza m'caka ca 2023 kuti mwa anthu akuru 6 ali onse, mmodzi akomana ndi bvuto la kusabala pa nthawi yina ya moyo wace, m'maiko olemera ndi osauka momwemo. Ndipo pa mabanja amene asowa mwana, pafupifupi theka cifukwa cace cipezeka mwa mwamuna, kapena mwa iye yekha, kapena mwa iye pamodzi ndi mkazi. Makolo athu anadziwa kuti mwamuna akhoza kukhala gojo. Ndico cifukwa anali kulowetsa fisi usiku. Mwambo umenewo tiukana, ndipo m'masiku ano utengera imfa m'nyumba. Koma taonani kuti iwo anabvomereza mobisa cinthu cimene ife ticikana poyera.

Mwamuna anena, Ine ndiri ndi mphamvu, bvuto lingakhale bwanji mwa ine? Mbale wanga, mphamvu ya pa mphasa ndi mbeu yamoyo nzosiyana. Cimanga cofumbwa cidzaza dengu monga cimanga cabwino, koma cikabzalidwa sicimera. Mbeu ya mwamuna sioneka ndi maso. Ioneka ndi galasi lokuzira tinthu tating'ono, ndipo kuiyesa sikupweteka konse, pamene kuyesa mkazi kuli kobvuta ndi kodula. Cotero woyenera kuyamba kuyesedwa ndiye mwamuna.

Mbeuyo ipangidwa m'thupi masiku onse, ndipo kuti ikhwime papita masiku ngati 74, ndiyo miyezi iwiri ndi theka. Cimene mwamuna acita lero cioneka m'mbeu ya miyezi itatu irinkudza. Akadwala malungo ndi kutentha thupi kwambiri, mbeu icepa kwa miyezi ingapo, nibweranso. Mwa ici gonani m'masikito, ndipo musacedwe kulandira mankhwala. Ziwalo zopanga mbeu zinaikidwa kunja kwa thupi cifukwa zifuna kuzizira pang'ono kupambana thupi lonse. Zobvala zothina ndi kukhala nthawi yaitali pa malo otentha sizithandiza. Fodya acepetsa mbeu naifoola. Kacasu ndi camba zicita comweco. Inu amene mupopera mankhwala m'minda ya thonje ndi ya fodya, bvalani zochinga pa thupi, ndipo sambani musanadye. Matsagwidi akagwira mwamuna wotha msinkhu natupitsa ziwalo zija, nthawi zina aononga mbeu. Wodwalapo motero anene kwa dotolo, asabise.

Ndifike tsopano pa kuwerenga masiku, pakuti mabanja ena alibe nthenda iri yonse, angophonya nthawi monga mlimi wobzala mvula itapita. M'zaka za m'ma 1920 madotolo awiri, Kyusaku Ogino wa ku Japan ndi Hermann Knaus wa ku Austria, ali yense payekha, anapeza kuti dzira la mkazi lituruka masiku ngati 14 msambo wotsatira usanayambe. Dziralo likhala ndi moyo tsiku limodzi lokha, kapena kucepera apo. Koma mbeu ya mwamuna ikhoza kudikira m'thupi la mkazi kufikira masiku 5. Cotero pa mwezi uli wonse pali masiku ngati 6 okha amene mkazi akhoza kuima, ndiwo tsiku la dzira ndi masiku 5 dziralo lisanaturuke. Yambani kuwerenga pa tsiku loyamba la kusamba. Mkazi amene mwezi wace uli wa masiku 28, dzira lace lituruka pafupi ndi tsiku la 14. Wa masiku 32, pafupi ndi tsiku la 18. Wa masiku 26, pafupi ndi tsiku la 12. Lembani m'kope, kapena mangani mfundo pa cingwe, kufikira miyezi itatu, ndipo mudzadziwa kayendedwe ka thupi lanu. Akazi a aphunzitsi, nchito iyi ndi yanu. Thandizani anzanu amene sadziwa kulemba, ndipo zimene mwaona m'kopemo zisaturuke pakamwa panu.

Thupi lomwe lipereka cizindikiro. Masiku a dzira akayandikira, cikazi cisanduka coyera mbee, coterera ndi conanda ngati therere. Akazi ambiri aciyesa nthenda kapena ubve, napukuta ndi nsaru, naika mizu ndi masamba ouma kuti akondweretse amuna ao. Amai, cimeneco ndico mlatho umene mbeu iolokerapo. Mukaumitsa, mwagumula mlatho, ndipo mwacekanso tizironda momwe matenda alowera. Inu abambo amene mufuna zotere, lekani kuzifuna.

Ganizirani tsono za mbale wathu amene agwira nchito ku Johannesburg, nabwera kwao pa Khrisimasi kudzakhala masabata awiri, kapena wa ku nyanja amene abwera mwezi ukatha. Zaka zitatu zipita, ndipo abale ace ayamba kuloza mkazi cala, pamene m'zaka zonsezo kapena masiku oyenera anakomana nao kamodzi kokha. Wotereyo apangane ndi mkazi wace za nthawi ya chuthi. Okhala pamodzi asabvutike ndi kuwerenga kopambana. Akakhala malo amodzi masiku awiri kapena atatu ali onse, sadzaphonya. Kudziletsa masabata ambiri poyesa kusunga mphamvu kulibe phindu.

Pali mdani wamkuru amene ndiyenera kumchula dzina, ndiye matenda opatsana pa mphasa. Pakati pa nkhokwe ya mazira ndi cibaliro pali tinjira tiwiri topyapyala kwambiri. Cinzonono ndi nthenda yina yochedwa chlamydia zikwera kufikira m'menemo, zisiya zipsera, ndipo njira itsekeka. Coopsa ncakuti mkazi akhoza kukhala nazo miyezi yambiri osamva kanthu. Kafukufuku wa WHO wofalitsidwa m'caka ca 1985 anaonetsa kuti kuno ku Africa akazi ambiri osabala anafika pamenepo cifukwa ca matenda otere ndi ena olowa m'cibaliro, monga pobereka mopanda ukhondo kapena potaya mimba mobisa. Kawiri kawiri wotengera nthendayo m'nyumba ndiye mwamuna yemwe pambuyo pace athamangitsa mkazi. Cindoko sicitseka njira, koma cipha mwana m'mimba. Ndipo ciciritsika ndi jekeseni wa penicillin. Mukalandira mankhwala, landirani nonse awiri pa nthawi imodzi, pakuti akacira mmodzi yekha adzatenganso kwa mnzace. Yezetsaninso HIV pamodzi. Kuyambira 2011 dziko la Malawi lipereka mankhwala a ARV kwa mai ali yense woyembekezera amene ali ndi kacirombo, ndipo banja lomwa mankhwala mokhulupirika likhoza kubala ana opanda kacirombo.

Inu a m'mbali mwa nyanja ndi a ku madambo, musapeputse likodzo. Tinali kunena kuti mnyamata wokodza mwazi wakula. Mazira a tinyongolotsi ta likodzo sakhala m'cikhodzodzo mokha. Afika ndi m'cibaliro, ndi m'tinjira tija, ndi m'ziwalo za mwamuna. Mankhwala ace, praziquantel, amwedwa tsiku limodzi.

Za cakudya ndinena izi. Mkazi woonda kwambiri, wolima ndi kutunga ndi kusinja pamene adya cotsala m'mbale ya mwamuna, msambo wace usokonezeka, kapena uleka. Wonenepa kopambana nayenso mazira ace sayenda bwino. Mwazi ucuruka ndi nyemba, nandolo, usipa, matemba, mazira ndi nyama; cipatso ca malambe, gwafa kapena ndimu pa nthawi ya cakudya cithandiza thupi kulandira citsulo ca m'ndiwozo, koma tiyi womwera pa nsima acitsekereza. Mcere ukhale wa ayodini.

Ndipo pali kanthu kamodzi kakang'ono kamene ndikufuna mukakumbukire. M'caka ca 1931 dotolo wamkazi wa ku England, Lucy Wills, pogwira nchito ku Bombay, anapeza kuti akazi apakati osowa mwazi anacira ndi cakudya copangidwa ndi yisiti. Cimene cinawaciritsa cinadziwika pambuyo pace, nacichula folic acid, dzina locokera ku liu la Cilatini lotanthauza tsamba, popeza cipezeka m'masamba obiriwira, monga bonongwe, nkhwani, khwanya ndi cisoso, ndiponso m'nyemba ndi mtedza. Ndiwo zikaphikidwa nthawi yaitali m'madzi ambiri, cambiri citayika. Sicipatsa mimba, iai. Nchito yace ndiyo kusunga mwana. Msana wa mwana utsekeka m'masiku 28 oyamba, mai asanadziwe bwino kuti waima, ndipo ukalephera kutsekeka mwana abadwa ndi cotupa pa msana, miyendo yace yopanda mphamvu. M'caka ca 1991 kafukufuku wa Medical Research Council ya ku Britain anaonetsa kuti pakati pa akazi amene anabalapo mwana wotere, kumwa folic acid asanaime kunacepetsa bvutoli ndi magawo 7 pa magawo 10. Mai woyamba sikelo mimba itaoneka kale wacedwa pa cinthu ici. Pitani ku cipatala miyezi iwiri kapena itatu musanaime, mupemphe mibulu ya folic acid. Muyeso wa masiku onse ndiwo mamaikirogalamu 400. Ndipo monga mkazi wa Manowa, lekani mowa kuyambira tsiku limene mwayamba kufuna mwana.

Za mizu ya kwa sing'anga ndinena mwacidule. Palibe muzu umene utsegula njira yotsekeka ndi cipsera, ndipo wokumba mizu sadziwa muyeso wa mphamvu yace. Ndaona mbuzi, nkhuku ndi njinga zikutha m'mabanja, ndipo copweteka kupambana cuma ndico zaka zimene zinatayika, pakuti mazira a mkazi acepa msanga akapitirira zaka 35.

Musafulumirenso kutaya mtima. Pa mabanja 10 amene mkazi sanafike zaka 40, oposa 8 aona pakati caka cisanathe, ndipo theka la otsalawo m'caka caciwiri. Mkazi woyamwitsa acedwa kuima, ndipo nkwabwino kupumula zaka ziwiri atabala asanatenge pakati pena. Wobaya jekeseni wolera wa miyezi itatu akhoza kudikira miyezi 10 kapena caka cathunthu kucokera pa jekeseni wotsiriza. Jekeseniyo sanamumitse, angocedwa kuturuka m'thupi. Koma caka cikatha mulikukhala pamodzi popanda kanthu, nyamukani nonse awiri kunka ku cipatala ca boma kapena ca mishoni. Mkazi akapitirira zaka 35, musadikire caka. Miyezi 6 yakwana. Amene msambo wace udumpha miyezi, amene amva kupweteka kwakukuru m'cinena, ndi amene wapita padera kawiri kapena katatu, apite tsopano lino.

Alipo ena amene adzacita zonsezi, ndipo mwana sadzabwera. Sindinganame kwa inu kuti madotolo athetsa zonse. Akuru a mpingo ndi ankhoswe, mlandu wotere ukadza pa bwalo lanu, musayambe ndi kufunsa za wolakwa; funsani ngati onse awiri anayesedwa, ndipo ngati mwamuna akana, mumperekeze mmodzi wa inu, pakuti manyazi acepa munthu akayenda ndi mnzace. Aphunzitsi atsale pang'ono titatha kupemphera, kuti ndiwaonetse malembedwe a masiku m'kope. Tsopano itanani ana alowe, tiimbe nao.