Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Mpikisano wa Njinga ndi Kuthamanga pa Kachebere



Ena mwa inu munamvapo za mpikisano wa Ironman, umene unayambira ku Hawaii mu 1978 ndi anthu 15 okha. Munthu amasambira makilomita 3.8, akatuluka m'madzi n'kupalasa njinga makilomita 180, akatsika n'kuthamanganso ena 42, zonsezi tsiku limodzi. Kumbukirani kuti kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma la Mchinji ndi makilomita pafupifupi 110 basi. Kuno nyanja kulibe, ndiye lero tingopalasa ndi kuthamanga, koma dzuwa limene limawafoola iwo ndi lomweli la Okutobala latiyang'anali.

Mu 1982, mtsikana wina dzina lake Julie Moss ankatsogola pa mpikisano umenewu, koma miyendo inamukana mzere womalizira akuuona. Kathleen McCartney anamudutsa, iye n'kufika chokwawa. Mtima unalipo, thupi ndi limene linali litauma. Akuluakulu sananame kuti kuthamanga si kufika.

Ndiye ndimvereni, ana anga. Mphamvu imene thupi limasunga imatha pasanadutse maola awiri munthu akamalimbika. Nthochi ija mwaika m'thumba idyeni njala isanakupezeni. Madzi muzimwa pang'onopang'ono njira yonse, osati kudikira kukhosi kuume n'kugugudiza botolo lonse. Ndipo madzi okha sakwanira. Anyamata a kabaza amene mumakwezana ndi matumba a chimanga mpaka ku Mwami mukudziwa zoyera zimene zimatsala pa malaya thukuta likauma. Umenewo ndi mchere wotuluka m'thupi, ndipo ukapanda kubwezeredwa minofu imatha kukokana, mutu n'kuyamba kuzungulira. N'chifukwa chake ndakondwa kuona kuti pa matebulo a m'njira aikapo Thanzi ORS ndi thobwa.

Pali chinthu china chimene achinyamata simukonda kumva. Mukaona mnzanu akudzandira, akuyankhula zosagwirizana, kapena thupi latentha kwambiri, ameneyo mpikisano wake wathera pomwepo, ngakhale akane chotani. Mugonekeni pamthunzi, mumuthire madzi ozizira thupi lonse, muitane azaumoyo msanga. Kutentha kotereku kumapha, ndipo mphoto ya lero si yoti munthu n'kuferapo. Ngakhale Martin Hobbs wa ku South Africa, amene anasambira nyanja ya Malawi m'litali mwake mu 2019, anatenga masiku 54, boti lomuyang'anira lili pambali pake.

Pachitunda cha m'munsi mwa phiri musapikisane ndi amene akudutsani. Ambiri a iwo mukawapeza akukankha njinga kutsogolo. Inu makolo oonerera, chonde gwirani ana ndi mbuzi zisalowe mumsewu.

Ndi mawu amenewa, mpikisano watsegulidwa. A wezulo, imbani tiyambe dzuwa lisanakwere.