COMOLIYA: NDIWO YA CAKA CONSE

(Mau amene mlangizi wa zaulimi analankhula kwa anthu a m'midzi pa bwalo la sukulu.)

Lero sindilankhula za cimanga kapena fodya ai, koma za ndiwo. Tonse tidziwa bvuto la miyezi ya September, October ndi November. Nkhwani wauma, bonongwe ndi cisoso sizioneka, mfutso watha m'cikwatu, ndipo amai amasowa coika mumphika. Nsima ilipo, koma ana aidyera mcere wokha. Mwana wotere amafooka ngakhale nkhokwe ya atate wace ili yodzaza.

Tsono pali mbeu ina, mbale wace wa kabici, dzina lace comoliya. Iyeyu sapanga mutu ngati kabici. Amangokula msinkhu, natulutsa masamba m'mbali mwa tsinde lace. Mpiru ndi repu mukathyola miyezi yowerengeka zimacita maluwa, nizitha. Comoliya satero. Kuno kwathu sakonda kucita maluwa, ndipo tsinde limodzi losamalidwa bwino lingathe kukupatsani masamba zaka ziwiri kapena kuposa.

Cimene ndimkondera ine ncakuti safuna ndalama. Simupita kusitolo kukagula mbeu. Pemphani mnzanu amene ali naye kuti akuthyolereni mphukira zomera pa tsinde, zotalika ngati cikhatho ca munthu wamkuru. Cotsani masamba a m'munsi, musiye awiri kapena atatu a kunsonga, ndipo zikani theka la mphukirayo m'nthaka yonyowa. Bzalani madzulo, dzuwa litapepa. Masiku oyamba idzafota ngati yafa, koma musaizule. Iphimbireni ndi tinthambi ndi kuithirira tsiku ndi tsiku. Pakapita masabata awiri kapena atatu mudzaona tsamba latsopano. Nyengo yozizira, kuyambira April kufikira July, ndiyo yabwino koposa, cifukwa mphukira zigwira msanga, ndipo pofika cilimwe mizu yazama kale.

Popeza mbeuyi ikhalitsa pamalo amodzi, musaumire manyowa. M'dzenje liri lonse thirani manyowa owola bwino a m'khola, odzaza manja awiri, ndipo pakati pa dzenje ndi linzace pakhale mkono umodzi. Simufunika dimba lalikuru. Masinde khumi kapena khumi ndi asanu kuseri kwa nyumba akwanira banja. Yalani udzu wouma pansi pace kuti cinyontho cisathawe, ndipo madzi otsukira mpunga kapena mbatata musamawataye pabwalo, athireni pamenepo. Koma mpanda ukhale woyamba. Ndaona anthu ambiri akugwira nchito yonseyi, nadyetsa mbuzi ndi nkhuku za eni.

Pothyola yambani masamba a m'munsi, awiri kapena atatu pa tsinde. Mukalikumba dazi tsindelo licedwa kuphukanso.

Adani ace alipo. Nyengo yotentha nsabwe zotuwa zimaunjikana kunsi kwa masamba ndi kunsonga, ndipo masamba amapindika. Muziyendera mbeu zanu m'mawa ndi kutembenuza masamba. Nsabwe zikali zocepa zifikiseni ndi zala, kapena wazani madzi a sopo pang'ono. Mbozi zitoleni ndi manja. Coopsya kwambiri ndi nthenda ina imene iyamba m'mphepete mwa tsamba: tsamba licita cikasu kulowera m'kati, ndi mitsempha yace ida. Nthendayi iribe mankhwala, ndiponso iyenda ndi mphukira. Cifukwa cace yang'anitsitsani tsinde musanalandire mphukira, ngakhale wokupatsaniyo ndi mlamu wanu. Tsinde lodwala lizuleni ndi kulitentha, ndipo pamalopo musabzalepo kabici, repu kapena mpiru zaka zitatu.

Tsono mau awiri kwa amai. Masamba obiriwira kwambiri ngati awa ali ndi zofunika za maso ndi za magazi, makamaka kwa ana ndi amai apakati. Mwana wosowa cakudya cotere amayamba kusaona bwino kukada. Koma ubwino wina umathera mumphika. Musathire soda kapena cidulo, musacurukitse madzi, ndiponso musawiritse mpaka masamba asanduke phala. Duladulani bwino, phikani nthawi yocepa, ndipo tenderani ndi nsinjiro, pakuti mafuta a mtedza athandiza thupi kulandira zabwino za m'masambamo.

Inu aphunzitsi, ngati pa sukulu pali citsime, bzalani mzere umodzi wokha caka cino. Masinde akakula, mwana ali yense atenge mphukira ziwiri kupita nazo kwao. Tsinde likakalamba, nilitalika ndi kuyamba kutulutsa timasamba tating'ono, thyolani mphukira zace mubzale pamalo ena atsopano, lakalelo mupatse mbuzi.