Cinsinsi ca Utatu Woyera



Tsiku lina m'mamawa ndinaperekeza mlongo wanga ku Intercity kukakwera basi ya ku Chipata. Phokoso la pamalopo mulidziwa nonse. Pampando wa pazenera panakhala gogo wina. Pamene injini inalira, iye anakweza dzanja lamanja, nakhudza pamphumi, pacifuwa ndi pamapewa, milomo iri kuchula Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Mnyamata amene anaima pafupi nane anaseka nati, "Akatolika sadziwa kuwerenga. Atatu angakhale bwanji mmodzi?" Ndinasowa comuyankha, ndipo manyazi ace sanandicoke.

Funso limeneli ndi lakale, ndipo mkangano wace waukuru unabuka muno m'Afrika. Mu mzinda wa Alexandria, ku Ejipito, wansembe wina dzina lace Arius anaphunzitsa kuti Mwana anacita kulengedwa, ndi kuti inalipo nthawi imene Iye kunalibe. Mlandu unakula kotero kuti m'caka ca 325 mfumu Constantine inaitana aepiskopi ku Nicaea. Kumeneko anagamula kuti Mwana ali Mulungu weniweni, wa umulungu umodzimodzi ndi Atate. Athanasius, amene pambuyo pace anakhala episkopi wa Alexandria, anapitikitsidwa pampando wace kasanu, koma sanalole kusintha mau amenewo. Za Mzimu Woyera anazilongosola ku Constantinople m'caka ca 381.

Aphunzitsi athu ku misyoni ankakonda fanizo la mafuwa. Mafuwa ali atatu, mphika uli umodzi. Mukacotsa limodzi, nsima yatayika. Fanizoli ndi lokoma, koma ine ndiliona lotsimphina, pakuti fuwa limodzi ligwira mbali imodzi yokha ya mphika. Eklezia saphunzitsa kuti Atate ali cigawo ca Mulungu ai. Atate ali Mulungu wathunthu, Mwana cimodzimodzi, Mzimu Woyera cimodzimodzi. Komabe Atate si Mwana, ndipo Mwana si Mzimu. Augustine wa ku Hippo, mwana wa Afrika nayenso, analemba mabuku 15 pa nkhani yomweyi, nabvomera kuti mau amene tinena sakwanira, tingowanena kuti tisakhale cete. Ndico cifukwa cace Akatolika acicha cinsinsi: cinthu cimene nzeru zathu sizikadacipeza Mulungu akadapanda kuciulula.

Tsono wina adzati, nanga zimenezi zipindulanji kwa munthu wa ku Kabwata amene mwana wace ali gone m'cipatala? Apa ndipo pagona nkhani. Taganizani maliro agwa pamudzi. Mfumu ina ituma mthenga wace ndi nkhuku ya cipepeso. Mfumu ina ibwera yokha, nikhala pansi pasiwa, nicezera usiku wonse pamodzi ndi anamfedwa. Zonse ziwiri zacita mwambo, koma anamfedwa adziwa kusiyana kwace. Arius akadanena zoona, ndiye kuti amene anafa pamtanda anali mthenga cabe, mwini wace ali kutali. Aepiskopi a ku Nicaea anati, iai, Mwini wace anabwera yekha. Ndipo sanabwerere kwao kutisiya pasiwa tokha, pakuti Mzimu amene akhala mwa munthu wobatizidwa ali Mulungu yemweyo.

Palinso cina cimene cinditonthoza ine. Ngati Atate akonda Mwana cikhalire, ndiye kuti Mulungu sanakhalepo yekhayekha, ndipo sanatilenge cifukwa ca kusungulumwa. Cikondi cinalipo dziko lisanakhale.

Cikondwerero ca Utatu Woyera cicitika Lamulungu lotsata Pentekoste, monga Papa John XXII analamulira Eklezia m'caka ca 1334. Koma gogo uja sanayembekeze tsiku limenelo. Mlongo wanga anandiuza kuti pofika pa mlatho wa Luangwa anacitanso cizindikiro ca mtanda, nadya mbatata yace, nagona tulo mpaka ku Katete, kumene anatsika.