NKHOKWE NDIYO SITOLO YOYAMBA YA BANJA

Nkhani yokamba pa misonkhano ya nthambi m'midzi

Palibe msonkhano wa m'mudzi umene utha popanda munthu wina kuimirira ndi kudandaula za kukwera kwa mitengo ya unga, saladi, shuga, mcere ndi sopo. Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo mlimi wa ku Katete kapena ku Lundazi alibe mphamvu yolamula mtengo wa m'sitolo. Koma mbali ina ya nkhaniyi iri m'manja mwa banja lenilenilo, ndiyo kuculuka kwa zinthu zimene banjalo likakamizika kugula. Kawirikawiri banja la kumudzi limene litaya ndalama zambiri pa cakudya ndi lija linafulumira kugulitsa cimanga cace pa nthawi yokolola.

Dziko la Zambia lidziwa bwino kuwawa kwa mtengo wa unga. Mu Disembala 1986, Boma litacotsa thandizo lace pa unga woyera, mtengo unakwera koposa kawiri ndipo zipolowe zinabuka ku Copperbelt, anthu nataya miyoyo yao, kufikira Mtsogoleri wa dziko, Dr Kenneth Kaunda, anabweza mtengo wakale. M'caka ca 1989 kunabwera makuponi ogulira unga, ndipo mu Juni 1990 zipolowe zina zinacitika mu Lusaka pa cifukwa comweco. Mabvuto onsewa anayambira m'matauni, kumene anthu adya za m'sitolo zokhazokha. Munthu wa kumudzi ali ndi mwai umene wa m'tauni alibe, pakuti nsima yace icokera m'munda mwace. N'zacisoni kuti ambiri ataya mwai umenewu ndi manja ao omwe.

M'miyezi ya Meyi ndi Juni cimanga cimakhala paliponse ndipo mtengo wace umatsika. Ndiyo nthawi imene ogula afika m'midzi ndi masikelo ao, ena atanyamula zitenje, mbale ndi zobvala zakale zosinthanitsa ndi cimanga. Banja ligulitsa meda lero, ndowa mawa, thumba mkuca, mpaka nkhokwe iyamba kuoneka pansi. Januwale ndi Febuluwale akafika, banja lomwelo ligulanso cimanga kapena unga pa mtengo wokwera, ndipo popeza ndalama zinatha kale, bambo ndi mai apita kukagwira ganyu m'minda ya anzao pamene munda wao uli kumera udzu. Motero njala ya caka cino ibala njala ya caka camawa.

Cifukwa cace, nchito yoyamba ya banja ikhale kuwerenga lisanagulitse kanthu. Mwacitsanzo, ngati thumba limodzi la makilogramu 50 litha m'milungu itatu, banjalo lifunika matumba 18 kuti lifike pa kukolola kwina. Pamwamba pa amenewa liikepo awiri kapena atatu a maliro, alendo ndi matenda, pakuti akulu anati cakudza siciimba ng'oma. Cotsala pambuyo pa ciwerengero cimeneci ndico ca malonda, kaya kwa a Food Reserve Agency kaya kwa wogula wina. Cilala ca 2024, cimene Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, anacilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinaononga mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a mbeu. Caka cotere cisiyanitsa banja limene linasungako ndi limene linagulitsa zonse.

Kusunga nakonso kufuna luso, cifukwa cimanga codyedwa ndi anankafumbwe kapena makoswe ndi ndalama zotayika. Cimanga ciyambe cauma bwino. Njira yapafupi yoyesera ndi kuthira maso a cimanga m'botolo louma pamodzi ndi mcere wouma, kutseka ndi kukhutcumula: mcere ukamamatira m'mbali mwa botolo, cimangaco cikali ndi cinyezi. Cikauma cithiridwe mankhwala monga mwa malangizo a alangizi a zaulimi, kapena ciikidwe m'matumba osalowa mpweya, m'mene tizilombo tifa tokha posowa copuma. Matumba asagone pa dothi kapena kutsamira cipupa.

Caciwiri ndico kagulidwe ka zinthu zimene munda subala. Kapaketi ka unga kochedwa pamela, kasupuni ka saladi ndi kapepala ka shuga zioneka zochipa cifukwa ndalama yoturuka pa tsikulo ndi yocepa. Koma wogulitsa aika phindu lace pa kapaketi kalikonse, ndipo wogula tsiku ndi tsiku alipira phindulo makumi atatu pa mwezi. Wosauka ndiye agula modula kuposa wolemera. Mankhwala ace ndi kugwirizana. Mabanja khumi akasonkha ndi kugula cigubu cimodzi ca saladi ca malita 20, lirilonse litenga malita awiri pa mtengo wa cipiku, ndipo mmodzi yekha ndiye alipira ulendo wa ku boma. Mcere, sopo ndi shuga zingagulidwe motero atangogulitsa zokolola, ndalama zikali m'manja. Magulu a cilimba ndi a banki ya m'mudzi angathe kuyendetsa nchito imeneyi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Cacitatu ndi ndiwo. Amai akale sanali kudziwa kugula ndiwo m'mwezi wa Okutobala, cifukwa pa nthawi ya dzinja anali kufutsa masamba a nyemba, ciwawa, therere ndi bowa, nasunga mfutso m'zikwatu. Luso limeneli lisafe. Nshawa za m'cigawo ca kum'mawa, monga za Chalimbana, zipatsa nsinjiro zimene zikometsa ndiwo popanda dontho la saladi, ndiponso zilimbitsa matupi a ana. Nyemba, nkhuku zocepa pakhomo ndi kadimba ka repu ndi matimati zicititsa kuti kapenta ndi nyama zikhale zogula mwa kamodzikamodzi. Kandolo m'mawa alowa m'malo mwa buledi. Ku cigayo, mgaiwa ubwezera banja cimanga cace conse, pamene kukonola kutaya gawo lina ku gaga.

Cacinai ndi buku. Banja lirilonse likhale ndi kabuku kolembamo ndalama iliyonse yoturuka, ngakhale ya macesi, ndipo mwana wa sukulu angathe kulemba ngati makolo sadziwa. Pakutha pa mwezi bambo ndi mai akhale pansi ndi kuwerenga pamodzi. Pamenepo mpamene cioneka poyera cimene cidya ndalama, kaya ndi zakumwa zotsekemera, kaya mowa, kaya ngongole ya pa kantemba. Ndalama za zokolola si za bambo yekha, popeza khasu anagwira ndi onse, ndipo mai amene aphika ndiye adziwa bwino utali wa thumba la unga. Koposa zonse, banja lipewe kugula cakudya ndi ndalama za kaloba, cifukwa nsima idyedwa tsiku limodzi koma ciongoladzanja cikula mwezi ndi mwezi.

Atsogoleri a nthambi ali ndi udindo waukuru pa nkhani imeneyi. Wapampando amene nkhokwe yace itha mu Novembala sangathe kulangiza anzace, motero ayambe ndi nyumba yace. Nyengo yokolola isanafike, nthambi iliyonse iitane mlangizi wa zaulimi kudzaonetsa kasungidwe ka mbeu, ndipo membala aliyense abwere atawerenga kale matumba amene banja lace lidya pa caka. Sikelo ya wogula ikafika m'mudzi, ipeze ciwerengeroco ciri kale m'buku.