Ana Amene Tinawataya: Mau a pa Chaka Choliza Lipenga

(Mau awa analankhulidwa m'nyumba ya Mulungu, pamaso pa mpingo wonse, ndi mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi.)



Ndaima pano ndi mantha, pakuti ine sindine munthu wa maphunziro akuya. Sukulu imene inandilera inali ya mishoni, ya pulaimale yokha, ndipo kuyambira unyamata wanga kufikira lero zipangizo zanga ndi choko ndi bolodi. Koma popeza akulu anandilamula kuti ndinene mau pa tsiku lalikuli, ndidzanena chinthu chimodzi chimene chandilemera mumtima zaka zambiri.

M'buku la Levitiko, mutu 25, timawerenga za chaka choliza lipenga, ndicho chaka cha 50. M'chaka chimenecho munthu amene anagulitsa munda wache chifukwa cha umphawi ankaulandiranso, ndipo amene anadzigulitsa kukhala kapolo ankabwerera kwa abale ache. Chotero sichinali chaka cha madyerero okha iai, koma chaka chobweza zimene zinatayika. Tsono ife lero, pamene tikondwera ndi kuyamika, tidzifunse kuti, Tinataya chiani chimene tiyenera kuchibweza? Ine ndinena kuti tinataya ana.

Pitani ku msika wa Ndirande m'mawa wa tsiku la sukulu; pitani ku Bangwe, ku Zingwangwa, ku Machinjiri ndi ku Chilomoni. Mudzapeza anyamata a zaka 15 kapena 17 alikusenza katundu wa anthu, ena alikuitanira minibasi, ena angokhala pa mlatho kudikira dzuwa kuti lilowe. Mudzapeza asungwana alikugulitsa mandasi, ena abereka kale mwana kumbuyo, pokhala iwo eni akali ana. Kuyambira chaka cha 1994, pamene sukulu ya pulaimale inakhala yaulere, ana analowa ochuluka, ndipo tinayamika Mulungu. Koma khomo lotulukira ku Standade 8 kupita ku Fomu 1 linakhalabe lopapatiza, ndipo ena amene analowa anafooka panjira. Onsewa tiwatcha dzina limodzi, ndilo olephera. Ndipo titawatcha chotero tisamba m'manja.

Ndiulule tchimo langa pamaso panu. Zaka zapitazo m'kalasi mwanga munali mnyamata amene masamu ankamkanika ndithu. Tsiku lina ndilikuphunzitsa, ndinamva anzache alikuseka. Ndipo nditalanda kope lache ndinapeza kuti wandijambula ine, ndili pa njinga yanga, ndi chipewa changa, ndi mwendo wa thalauzi womanga ndi luzi. Chithunzicho chinali ine ndithu, kotero kuti ngakhale mai wanga akadandizindikira. Koma ine ndinapsa mtima, ndinang'amba pepalalo, ndi kumkwapula pamaso pa anzache. Mayeso analephera kawiri, naleka sukulu. Patapita zaka ndinakomana naye ku Ndirande, atakwera makwerero, alikujambula mitu ya anthu pa khoma la ometa tsitsi. Iye anatsika, nandilonjera ndi manja awiri, nati, Aphunzitsi, kujambula ndinadziphunzitsa ndekha, koma malembo ndilakwitsa, ndipo eni masitolo andidula malipiro chifukwa cha ichi. Sanandidzudzule, koma ine ndinachoka pamenepo ndi manyazi akulu. Pakuti Mulungu anaika mphatso m'dzanja la mwanayo, ndipo ine ndinailanga ngati mlandu. Ndikadamphunzitsa malembo kupyolera m'chinthu chimene anachikonda, lero akadakhala nazo zonse ziwiri.

Panali mnzache wina, wa mau okoma, amene ankatsogolera nyimbo ku Sande Sukulu. Ataleka sukulu panalibe womuitana, koma a ku kachasu anamuitana, ndipo ankawaimbira nalandira kapu. Ameneyo tinamuika m'manda asanakwanitse zaka 25.

Tsopano tiyang'ane m'mbuyo, kwa makolo a mpingo umene unatibala. Mishoni ya Blantyre inayamba m'chaka cha 1876, pamene Henry Henderson, motsogozedwa ndi Tom Bokwito, anasankha malo aja. Ndipo ndani wa ife sanaone tchalitchi cha St Michael and All Angels? Anayamba kuchimanga mu 1888, nachitsiriza mu 1891. Mbusa David Clement Scott, amene anatsogolera nchitoyo, sanaphunzire za kumanga ku sukulu ili yonse. Ndipo amene anaumba njerwa, naziocha pomwepo, nazisanja m'maonekedwe amitundumitundu, anali anthu a dziko lino, amene kale lonse sanamangepo nyumba yotere. Palibe mmodzi wa iwo anali ndi setifiketi. Koma nchito ya manja ao iripo kufikira lero, ndipo alendo a maiko akutali aima nazizwa. Kodi mukadawayesa mayeso a Standade 8 amisiri aja, akadapambana angati? Ndipo tikadawatcha olephera, tchalitchicho chikadamangidwa ndi yani?

Pa mishoni pomwepo panali Mungo Murray Chisuse, amene anaphunzira kusindikiza mabuku, napita ku Scotland kukaonjezera luso lache, nakhala woyang'anira nyumba yosindikizira. Yemweyo anali mmodzi wa oyamba mwa anthu a dziko lino kujambula zithunzi ndi kamera. Sukulu ya Henry Henderson Institute itatsegulidwa mu 1909, ophunzira sanangogwira cholembera chokha, koma anagwiranso sowo ndi zipangizo zina za umisiri. Kumpoto, ku Embangweni, Mbusa Donald Fraser analimbikitsa Akristu achingoni, monga Mawelera Tembo, kupeka nyimbo za Mulungu m'maimbidwe a kwao. Ndipo m'masiku a ife, pa Henry Henderson Institute pomwepo, mnyamata wa sekondale, Du Chisiza Jr, analemba sewero limene linapambana pa mpikisano wa sukulu za dziko lonse mu 1982. Pambuyo pache anayambitsa gulu la Wakhumbata, nakhala ndi moyo ndi nchito ya zisudzo kufikira imfa yache mu 1999. Taonani tsono, abale, kuti chimene ndinena si chachilendo. Ndicho cholowa cha mpingo wathu, chimene ife tachiiwala.

Ndipo alipo anthu amene atitsogolera kale pa njirayi. Ku Mua, abale athu Akatolika anatsegula malo a Kungoni mu 1976, mwa nchito ya Bambo Claude Boucher, kumene anthu a m'midzi anaphunzira kusema ndi kujambula, ndipo zosema zao zafika ku maiko akutali. Koma chitsanzo chapafupi ndi ife chiri ku Chigumula. Mai Marie Da Silva anali mlezi wa ana ku Los Angeles, ku America. Ndipo ataferedwa abale ache ambiri ndi matenda a Edzi, anapereka nyumba ya makolo ache kuti ikhale sukulu ya ana amasiye. Chimenecho chinali chaka cha 2002, ndipo malipiro a aphunzitsi ankachokera pa ndalama zimene iye ankalandira polera ana a eni. Mu 2008 a CNN anamlemekeza pamaso pa dziko lapansi. Sukuluyo, dzina lache Jacaranda, iri ndi pulaimale ndi sekondale, ndipo ana aphunzira osalipira. Aphunzira masamu ndi Chingerezi ndi kulemba mayeso a boma monga anzao onse. Koma pamodzi ndi izi aphunzira kuimba, kuvina ndi kujambula, osati monga masewera otayitsa nthawi, koma monga maphunziro enieni. Ngati mkazi mmodzi, mlezi wa ana, anatha kuchita ichi ndi malipiro ache, kodi mpingo wa anthu mazana udzati ulibe mphamvu?

Ndidziwa zimene ena alikunena mumtima, ndipo sindizipeputsa, pakuti inenso ndine kholo. Wina ati, Gitala sadyetsa munthu. Ndiyankha kuti, yang'anani m'nyumba ino. Mipando mwakhalirayi, gome la Mgonero, nsaru za Mvano, chikwangwani cha pa msewu, ngakhale kabuku ka chikondwerero chino, zonsezi zinadzera m'manja mwa mmisiri, ndipo tinalipira ndalama. Pa ukwati tifuna oimba ndi ojambula zithunzi. Wailesi ifuna ochita masewero. Wamalonda afuna womlembera dzina pa khoma. Si onse adzalemera nazo, monganso si onse a setifiketi apeza nchito ya mu ofesi. Koma munthu wa luso m'manja ali ndi khasu limene mbala singabe.

Wina ati, Oimba ndiwo aledzera ndi kusuta chamba. Inde, taona otere, ndipo mmodzi ndamtchula kale. Koma anamtengera kumeneko ndani? Ng'oma siinalakwe, tinalakwa ndife amene tinatseka chitseko, ndipo mwanayo analowa pa chitseko chimene anachipeza chotsegula. M'buku la Eksodo timamva za Bezaleli, amene Mulungu anamdzaza ndi mzimu wache kuti aseme mitengo ndi miyala ndi kusula zitsulo za chihema, nampatsanso mtima wophunzitsa ena. Davide anatonthoza Sauli ndi zeze. Ambuye wathu mwini anakulira m'nyumba ya mmisiri wa mitengo. Ndipo m'fanizo la matalente, kapolo amene anatsutsidwa ndiye uja anakwirira chuma cha mbuye wache m'nthaka. Ndiopa kuti pa mlandu wa ana awa okwirira ndife, ndipo chimene takwirira si chathu.

Winanso ati, Sukulu yotere idzakopa ana kuti athawe mabuku. Iai, abale. Sitifuna sukulu ya ulesi. Woimba ayenera kuwerenga pangano asanalembe dzina lache, kuti ochenjera angamdyere thukuta lache. Wosema ayenera kuyeza thabwa ndi kuwerengera mtengo wa katundu wache. Mwana amene anakana masamu pa bolodi adzawalandira pa thabwa. Luso ndilo chingwe chomkokera kuti abwerere ku mabuku, ndipo amene angathe adzalembanso mayeso.

Nanga tichite chiani? Ndipempha zinthu zisanu, ndipo palibe cholemera koposa mphamvu yathu.

Choyamba, akulu a mpingo asankhe anthu atatu kapena anai, amuna ndi akazi, apite ku Chigumula kukaona ndi maso ao, nafunse nzeru, nabwere kudzatifotokozera. Ndipo asapite chimanjamanja.

Chachiwiri, zipinda zathu za Sande Sukulu zikhala zotseka kuyambira Lolemba kufikira Lachisanu. Chimodzi chitsegulidwe madzulo chifukwa cha anyamata ndi asungwana amene analeka sukulu, kuti ora limodzi aphunzire kuwerenga ndi masamu, ndi ora lina luso limene asankha. Ine ndidzaphunzitsa ora loyambalo kawiri pa sabata, osalandira kanthu, pakuti ndiri ndi ngongole.

Chachitatu, mumpingo muno muli akalipentala, atelala, osula zidebe ndi mbaula, ndi otsogolera makwaya. Yense atenge mwana mmodzi, monga Bezaleli anaphunzitsa ena. Ndipo akulu ayang'anire kuti mwanayo aphunzitsidwe ndithu, asasanduke wanchito wosalipidwa.

Chachinai, pa chopereka cha chikondwerero chino tipatule gawo logulira mapepala, utoto, matabwa ndi nsambo za gitala, ndi ufa wa phala, pakuti mwana wanjala samva phunziro. Ndalamazo zilembedwe m'buku, ndipo ziwerengedwe poyera pamaso pa mpingo.

Chachisanu chiri kwa inu akatekisti, amene mulowa m'nyumba zonse za m'miraga yanu. Inu mudziwa khomo limene muli mwana wongokhala. Lembani maina ao; lankhulani ndi makolo ao mofatsa; ndipo musaiwale asungwana, ngakhale iwo amene ali ndi mwana kumbuyo, pakuti mphatso ya Mulungu siichoka chifukwa munthu wapunthwa. Musafunse ngati mwanayo ndi wa mpingo wathu kapena wa mpingo wina.

Makolo athu anati, mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Anatinso mutu umodzi susenza denga. Nchitoyi idzayamba yaing'ono, ndipo ena mwa anawo adzabwera sabata limodzi nathawa. Tisadzakhumudwe, pakuti ngakhale amisiri a tchalitchi cha Blantyre anayamba ndi njerwa imodzi. Ife amene tiri pano, ambiri sitidzaona chaka china choliza lipenga. Koma adzakhalapo amene adzaimbe tsiku limenelo, ndi amene adzajambule chikuto cha kabuku kao. Ndipo ndikhumba kuti ena mwa iwo adzakhale ana amene lero ali pa mlatho, ndi kuti adzanene kuti mpingo unawafuna nuwapeza.

Mulungu amene anatsogolera makolo athu atipatse maso oona mphatso zache mwa ana athu, ndi manja ozisamala.  Chisomo cha Ambuye chikhale ndi inu nonse. Amen.